Laputopu ya amalume ndi ma partition anayi aja

Loweruka. Ndimati ndigone mpaka dzuwa litakwera koma cha m'ma 7 amalume agogoda kale pakhomo, achokera ku Rosettenville, dera lina la muno mu Joni, ndi ma taxi awiri, laputopu ili mu jumbo atayikulunga ndi thaulo ngati khanda. Akuti mawa ikwera basi pa Park Station ipite ku Lilongwe kwa mwana wawo wamkazi amene wayamba sukulu ya unamwino. "Iwe ndi amene umadziwa zimenezi, uyikemo Windows yatsopano ija." Anamva kuntchito kuti Windows 10 inasiya kulandira ma update pa 14 Okutobala 2025, ndiye safuna mwana alandire chinthu chakutha.

Ndinayatsa ndikuyang'ana kaye. Makinawo si oipa ayi, i5 ya 8th gen, RAM 8GB, TPM 2.0 (ka chip ka chitetezo) ilimo, zonse zimene Windows 11 imafuna zikuoneka ngati zikukwana. Ndinati apa mpaka 9 ndamaliza. Koma nditatsegula Disk Management, poonera mmene disiki yagawidwira, mtima unagwa. Disiki ya 500GB, imene kompyuta imaonetsa ngati 465GB, ili pa MBR, kagawidwe kakale ka disiki, ndipo BIOS, pulogalamu imene imadzutsa makina, ili pa Legacy, kadzutsidwe kakale. Amene anaikamo Windows kale, ka shopu kena ka m'tauni komwe amalume anaigula, anangoika mwachikalekale basi bola iyake kasitomala azipita. Windows 11 imafuna UEFI, kadzutsidwe katsopano, ndipo UEFI imayenda ndi GPT, kagawidwe katsopano ka disiki, ndiye apa panalibe kuzemba.

Njira yachidule ndimaidziwa, aliyense wokonza makompyuta muno mu Joni amaidziwa. Uika flash yoikira Windows yopangidwa ndi pulogalamu ya Rufus, ukafika pamene ikukana kuti disikiyi ndi ya MBR udina Shift ndi F10, ulemba diskpart, select disk 0, clean, convert gpt, watha. Koma clean ameneyo safunsa kawiri, amafufuta table yonse ya ma partition (zigawo za disiki), C ndi D zonse zimasowa limodzi. Ndinawafunsa amalume kuti muli zofunika umu? Iwo "aaa palibe, fufuta zonse". Ine anthu akamayankha msanga choncho sindikhulupirira, ndinatsegula D ndekha. Foda yoyamba ma CV akale, yachiwiri nyimbo zakwaya, yachitatu yalembedwa "chiliza". Ma video ndi zithunzi za tsiku lomwe tinamanga chiliza cha agogo ku Ntcheu, amalume sanapite nthawi imeneyo chifukwa mapepala anali asanatuluke, anangotumiza ndalama ya simenti, anthu nkuwajambulira. Nditawaonetsa anangoti zii, kenako "zimenezo usakhudze".

Ndiye tinatenga njira yaitali. Mu Windows 10 muli ka pulogalamu kotchedwa mbr2gpt kamene kamatembenuza disiki osafufuta kanthu. Ndinatsegula cmd, polembera ma command, ngati admin, ndikulemba mbr2gpt /validate /allowFullOS, iko nkukana. Ndinaiwala kuti MBR imangolola ma primary partition anayi, ndipo ka pulogalamuka kamafuna asapitirire atatu kuti kapeze poika partition yake ya EFI, mmene mumakhala mafayilo odzutsira makina. Apa analipo anayi ndendende, System Reserved, C, recovery ndi D. Nyumba yadzaza mlendo alibe pogona. Mmodzi amayenera kutuluka ndipo woti atuluke anali D yemweyo wa chiliza, mxii.

Ndinatulutsa external yanga, tinakopera D yonse, 83GB, pa port yochedwa ija chifukwa ina inafa. Ka bala kobiriwira kakukwawa ngati nkhono, ife tinaphika nsima ndi usipa umene unabwera ndi basi mwezi watha, amalume akudandaula za renti komanso bwana wawo wa ku garden amene amawerenga mphindi za lunch. Itamaliza sindinangokhulupirira, ndinatsegula ma video angapo pa external pomwepo kuona ngati akusewera, ndinawerenganso mafayilo mbali zonse ziwiri kuti nambala ifanane. Amalume anati ndikuchedwetsa. Ndinati malume, ndikafufuta apa palibe kubwerera, mundilole.

Ndinafufuta D, validate inadutsa, convert inatenga mwina mphindi imodzi yokha, ntchito yomwe ndinaikonzekera m'mawa onse. Apa pali msampha wina, ukangoyatsanso osasintha BIOS kuchoka pa Legacy kupita pa UEFI makina sadzuka, amangokuuza kuti palibe boot device ndipo mwini wake akakhala pambali pako amayamba kutuluka thukuta. Ndinasintha, ndikuyatsanso Secure Boot, Windows 10 inadzuka bwinobwino ili pa GPT tsopano, ka EFI ka 100MB kakuoneka pamenepo. Upgrade ya 11 inayenda yokha, data yanga ndi imene inalira.

Pogawanso malo tinakangana pang'ono. Amalume amafuna C ikhale yaing'ono kuti mwana akhale ndi malo ambiri a manotsi, akuti anamva kuti 64GB ikwana. Zoona Microsoft amalemba 64GB koma imeneyo ndi yongolowera pakhomo, ma update akabwera ndi Office ndi zina C imafiira mwezi usanathe, ndipo mtsikanayo ku Lilongwe adzapita nayo kwa munthu wina amene adzangoti tifomate. Ndinasiya C pa 200GB, yotsalayo ndinapanga D yatsopano ya NTFS, ndikusamutsa Documents ndi Downloads kuti zizisungidwa ku D, kuti tsiku lina Windows ikadzavuta adzafufute C yokha. Ndinamujambulira voice note pa WhatsApp kumuuza zimenezo, wayankha ka chala basi, kaya wamva.

Cha m'ma 4 ndinabwezera mafayilo. Foda ya chiliza amalume anati ipite nayo laputopu, mwana naye aone, koma ina itsale pa external yanga mpaka atagula flash yawo mwezi ukatha. Asanaikulunge mu thaulo muja anati tiyese kaye ngati sound ikugwira, nkutsegula video ija azimayi akuyimba kumanda. Inali ya mphindi 12, anaonera yonse, ine ndinapita kukatsuka mbale.