Boti ya nkhuku za achemwali ndi vuto la kuiwala

Achemwali anga amaweta nkhuku zanyama ku Chirimba, ndipo zikangokhwima foni yawo sipuma. Mafunso ake ndi omwewo: zilipo, zili pa bwanji, mungabweretse ku Limbe? Tsiku lina anandiuza kuti, "Achimwene, inu mumaswera pa kompyuta, simungandikonzereko choyankha anthuwa ine ndikakhala kukhola?" Kuphunzira kwanga za boti, pulogalamu yoyankha yokha mauthenga a pa foni, kunayambira pamenepo.

Yoyamba ndinkaiyendetsa pa laputopu kunyumba ku Ndirande. Inkayankha bwino ndithu, koma magetsi akazima batire n'kutha, nayo inkangoti zii. Bandulo ikatha, chimodzimodzi. Ndiye ndinatembenukira ku zimene amati serverless. Dzinali limatanthauza "popanda seva", koma lisakusocheretseni, maseva, makompyuta oyendetsa mapulogalamu pa intaneti, alipo, kungoti wowasamala si iwe. Umalemba kachidutswa ka kodi n'kukatumiza kumeneko. Kamagona, uthenga ukafika kamadzuka, n'kugwira ntchito yake, n'kugonanso. Mwa ma serverless otere, AWS Lambda inayamba mu 2014, Cloudflare Workers mu 2017. Ine ndinatenga Workers chifukwa pa pulani yaulere amalola ma request 100,000 pa tsiku, kutanthauza maulendo amene kodi yako ingadzutsidwe, ndipo makasitomala a achemwali sangayandikire n'komwe chiwerengero chimenecho.

Ndinaphunzirira pa Telegram, pulogalamu yotumizirana mauthenga yonga WhatsApp. Umalembera BotFather, boti ya Telegram yolembetsera maboti atsopano, amakupatsa token, yomwe ndi kiyi wachinsinsi wa boti yako, kenako ndi lamulo la setWebhook umauza Telegram adiresi ya HTTPS yoti izikatulako uthenga uliwonse. Izi zinatheka madzulo amodzi.

Chimene chinandidyera masabata awiri ndi ichi. Boti ikufunsa, "Mukufuna nkhuku zingati?" Munthu n'kuyankha kuti 5. Boti ija n'kuyambiranso moni, ngati yangomuona kumene. Ndinkasunga zokambiranazo mu variable, kamalo kosungiramo zinthu mkati mwa kodi ikamayenda, poganiza kuti uthenga wachiwiri ukazipeza momwemo. Mwa apo ndi apo zinkapezekadi, n'chifukwa chake ndinachedwa kulitulukira vutolo. Kodi ya serverless ilibe chitsimikizo choti yadzuka panopayi ndi yomwe inadzuka mphindi yapitayo. Mwina ili pa makina ena, mwinanso dziko lina.

Ndinazimvetsa nditakumbukira mmene banki m'khonde ya amayi imayendera. Palibe amene amadalira mutu wa mlembi. Ndalama ikangoperekedwa imalembedwa m'kope, ndipo sabata yamawa, ngakhale mlembi atadwala wina n'kukhala pampando wake, amatsegula kope n'kupitiriza pomwe panalekeredwa. Boti yanga inalibe kope. Ndinatsegula database, nkhokwe yosungiramo zolembedwa, ya Cloudflare yotchedwa D1, n'kuika tebulo limodzi: nambala ya chat, pamene tafika m'kukambirana, ndi zimene munthuyo wanena kale. Uthenga ukafika, kodi imayamba yawerenga mzere wa munthuyo, kenako n'kuyankha, n'kulembamo zatsopano isanagone.

Kopelo linandipulumutsanso pa vuto lina. Oda imodzi yoyeserera inalowa katatu. Telegram ikatumiza uthenga koma osalandira yankho loti wafika bwino, imatumizanso. Kodi yanga inkalemba oda, n'kugwa pa mzere wotsatira isanavomere, ndiye uthenga womwewo unkabweranso. Taganizani achemwali atapha nkhuku 15 wogula akufuna 5, ndi mmene chakudya cha nkhuku chakwerera mtengomu. Chimenechi chinandiopsa kuposa zina zonse, chifukwa mpamba wake si wanga. Uthenga uliwonse wa Telegram umabwera ndi nambala yakeyake yotchedwa update_id, choncho panopa ndimaisunga, ndipo yomwe yalowa kale boti imangoidumpha.

Loweruka ndinapita ku Chirimba kukawaonetsa. Anaiyesa ali chiimire pakhomo la khola, inakumbukira nambala, inawafunsa kokatula, oda inalowa kamodzi. Anamwetulira, kenako anati, "Zili bwino achimwene, koma makasitomala anga onse ali pa WhatsApp." Ankanena zoona. Ndayamba kuwerenga za WhatsApp Cloud API ya Meta, njira yolumikizira boti ku WhatsApp, nayonso imayendera webhook, kutula uthenga pa adiresi ngati Telegram, ndiye tebulo lija silisintha kwambiri. Anapiye amene alowa sabata ino adzakhala atakhwima pakatha masabata asanu ndi limodzi, ndipo ndawalonjeza kuti maoda ake adzalowera pa boti.