Mbale yooneka yabwinobwino koma itafa m'kati

Lachitatu. Ndadzuka m'bandakucha chifukwa layini ya magetsi ya 33 kV (mavolti 33,000) yazimanso usiku wathawu, kachitatu sabata ino. Mvula siinagwe, mphepo kunalibe, koma nkhungu ikangotsika m'mamawa, magetsi amathima okha. A kapitawo anati tiilondole nthamboyo dzuwa lisanakwere. Tinayenda pansi pake maola awiri, makosi ali chagada, tikuyang'ana ma insuleta, mbale zotchinga magetsi zimene zimagwira nthambo, pa polo iliyonse. Onse ankanyezimira, palibe yosweka ngakhale imodzi.

Pa polo ina ya pakona tinaona timadontho topserera pachitsulo cha pamwamba. Titazimitsa layini ndi kuika mawaya otsitsira mphamvu pansi, ndinakwera n'kutsitsa mndandanda wonse wa mbale zitatu. Mbale iliyonse ndi yotakata mamilimita 254, ili ndi chipewa chachitsulo pamwamba ndi msomali pansi, zonse zomatidwa ndi simenti. Tinazipukuta ndi nsanza n'kuziyeza ndi Megger, chida choyezera mmene chinthu chikutchingira magetsi. Yoyamba ndi yachitatu zinakana magetsi mpaka muvi kupita kumapeto. Yapakati inagwa pafupifupi pa ziro.

Mnyamata amene akuphunzira ntchito kwa ife sanakhulupirire. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kuisisita ndi chala. "Achimwene, komatu ilibe kanthu iyi." Ndinamupatsa sipanala kuti agogode pang'ono. Mbale yabwino inalira ngwee, kulira kotalika ngati belu. Iyi inangoti phu, n'kukhala chete. Kenako tinaiphwanya ndi hamala, ndipo pansi pa chipewa tinapeza kamzere kakuda, kopyapyala ngati tsitsi, koboola dongo kuchokera kuchipewa mpaka kumsomali. M'mbali mwake munali mosungunuka ngati galasi. Magetsi anadzipezera njira m'kati momwe maso sangafike.

Zaka zonsezi ndikugwira ntchitoyi, chinthu chimenechi chimandisowetsabe mtendere. Insuleta imalephera m'njira ziwiri. Nthawi zina moto umalumpha kunja, kudutsa pamwamba pa fumbi lonyowa, ndipo mbaleyo imatha kupulumuka. Ndi chifukwa chake kunsi kwa mbale kuli mizere yokhotakhota ngati siketi, kuti njira ya magetsi italike ndiponso pakhale malo ouma ngakhale kukugwa mvula. Koma ikabooka m'kati, yafa basi, siichiranso. Nthawi zambiri chimayamba ndi simenti ija imene imafufuma pang'onopang'ono pakapita zaka, kapena dzimbiri la pamsomali, mpaka dongo ling'aluke. Chinyontho chilowa, mphenzi ibwera tsiku lina, ndiye yatha. Apa mbale ziwiri zinkasenza katundu wa mbale zitatu. Kukauma zinkapirira, koma nkhungu ikanyowetsa fumbi, moto unkalumpha.

Tikupuma pamthunzi, mnyamata uja anatola chidutswa n'kuyang'ana m'kati mwake moyera mbee. Anafunsa ngati limeneli ndi dothi basi. Ndinamuuza kuti inde, koma dothi losankhidwa: dongo loyera lotchedwa kaolin, mwala wa feldspar umene umasungunuka n'kumata zonse, ndi mchenga wa quartz. Amaziotcha m'ng'anjo pa kutentha kopitirira madigiri 1200 mpaka timabowo tonse titsekeke, kuti madzi asalowe. Zimene zimafunika kulimba kwambiri amaikamo ufa woyera wolimba wotchedwa alumina m'malo mwa quartz. Khungu lonyezimira lija limathandiza kuti litsiro lisakanirire komanso limalimbitsa mbale.

Anaseka nditamuuza kuti insuleta ndi kapu ya tiyi ndi pachibale. Komatu n'zoona. Kampani ya NGK Insulators ya ku Nagoya, ku Japan, inayamba mu 1919 ngati nthambi yochokera ku kampani yopanga mbale ndi makapu a patebulo. Pambuyo pake, mu 1936, kuchokera ku NGK komweko kunabadwa kampani yopanga mapulagi a galimoto. Kachitsulo koyera kamene timakaona pa pulagi si chitsulo ayi, ndi alumina, imene siisungunuka mpaka kutentha kudutse madigiri 2000, ndipo imatchinga mavolti zikwizikwi pamene m'injini mukuphulika moto.

A kapitawo amakonda mbale za galasi, ndipo lero ndinagwirizana nawo. Galasi lolimbitsidwa likawonongeka limayoyoka lonse, n'kutsala chipewa ndi msomali zili zogwirana, kotero nthambo siigwa koma munthu amaona ali pansi kuti apa pavuta. Sitikanataya masiku atatu. Komabe sindingainyoze porcelain, dongo lootcha lija. Ndatsitsapo mbale zimene zinapachikidwa ine ndisanabadwe, zikulirabe ngwee. Za labala wa silikoni n'zopepuka ndipo madzi sakhazikika pamwamba pake, koma dzuwa limazikalambitsa m'njira imene silingachite ndi dongo lootcha.

Tinapachika mbale zitatu zatsopano, layini inabwerera isanakwane 2 koloko.

Madzulo ndinakhala patebulo ndi kabodi ka m'kati mwa mita yanga yoyezera magetsi imene yakhala ikuzima ndikangoiyatsa, chiigwetsereni mwezi watha. Ndinafufuza ndi galasi lokuzira zinthu, mpaka ndinapeza kapasita kakang'ono kabulauni, kochepa kuposa mutu wa machesi, kali ndi mng'alu wopendekera pafupi ndi pomwe kanawotchereredwa. Bodi ikapindika, kadongo kameneka sikapindika nayo, kamang'aluka, ndipo timasamba tachitsulo ta m'kati timakhudzana.

Ndinakhala kanthawi ndikukayang'ana. Nakonso ndi dongo lootcha, sikalola magetsi kudutsa, koma ntchito yake ndi ina. Mbale ya pa polo timaifuna kuti ingotchinga. Aka timakafuna kuti kasunge mphamvu pakati pa timasamba tambirimbiri tosanjikizana. Porcelain imasunga mphamvu yotere mwina kasanu ndi kamodzi kuposa mpweya, alumina pafupifupi kakhumi, koma barium titanate imene ili m'makapasita ambiri oterewa imafika m'zikwi. Anaitulukira m'zaka za m'ma 1940, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili m'kati, m'mayiko a America, Japan ndi Soviet Union, aliyense payekha. Lero foni imodzi ya m'manja imakhala ndi timakapasita totere mazanamazana. Kameneka n'ka mtundu wa X7R, kutanthauza kuti kamagwira ntchito kuyambira pa madigiri 55 pansi pa ziro mpaka 125, ndipo mphamvu yake siisuntha kupitirira 15 pa 100 iliyonse.

Ndinakachotsa ndi chopanira, n'kuwotcherera kena. Manja ankanjenjemera pang'ono ndi kutopa, ndinachita kubwereza kawiri. Mita inayaka.

Chidutswa cha mbale ija ndabwera nacho, chili pano pambali pa kope langa, kamzere kakuda kali poyera. Mawa ndipempha a kapitawo kuti tiyeze mindandanda yonse ya chigawo chimenecho, chifukwa mbalezo zinapachikidwa nthawi imodzi ndipo sindikukhulupirira kuti yakufa inali imodzi yokha. Megger aigwira ndi mnyamata uja.