Zimbale 28 pa fulashi imodzi: mmene tinachitira kuno ku Kasungu

Fulashi ija yatheka tsopano ndipo ikuimba bwinobwino, ndiye ndilembe zonse mtima usanazizire. Tilipo anthu 14 pagulu lathu la WhatsApp la okonda nyimbo zakwathu, ena pa boma pano, ena ku Santhe, ku Chinkhoma, mpaka ku Nkhamenya. Tinapangana kuti tisonkhanitse zimbale 28, ngati ziwiri pa munthu aliyense, ndipo aliyense akhale ndi fulashi yake yokhala ndi nyimbo zofanana. Ndinenerethu pano chifukwa ena simuwerenga mpaka kumapeto: musapereke ndalama kwa wobena nyimbo musanamve nokha fulashiyo ikuimba pa sipika yanu, ndipo muimbitse nyimbo za mu foda yomaliza, osati yoyamba.

Wina afunsa kuti bwanji osangoika zonse pa Spotify kapena YouTube. Spotify inafika ku Malawi mu 2021 ndipo imalola anthu angapo kuika nyimbo pa mndandanda umodzi, zimenezo tikudziwa. Koma bandulo ndi ndalama, netiweki ya kumudzi mukuidziwa, ndipo zimbale zambiri za nthawi ya makaseti kulibeko. Mukazipeza, ndi nyimbo ziwiri kapena zitatu zomwe wina anangoponyapo.

Kusankha kuli ndi phokoso koma si kumene kumavuta. Ikani malamulo musanatchule chimbale ngakhale chimodzi. Athu anali akuti tikutenga chimbale chathunthu, osati kutolatola nyimbo zotchuka, ndipo woimba mmodzi asapose zimbale ziwiri. Popanda lamulo lachiwirili theka la fulashi likanakhala la Soldier Lucius Banda. Lucius Banda ali ndi zimbale pafupifupi 20, ndipo chimwalirireni mu June 2024 aliyense akufuna chake chomwe chinamufika pamtima. Mkangano unali pakati pa Son of a Poor Man, Cease Fire ndi Cell 51 Maximum. Ziwiri zoyambazo ndi zomwe zinalowa, ndipo ine sindikudandaula, Cease Fire ndi chimbale choti umachisiya chikuimba osadumpha nyimbo. Kenako kunabwera funso la Kuimba: kodi Evison Matafale ndi Black Missionaries tiwawerenge ngati woimba mmodzi? Kuimba 1 ndi Kuimba 2 ndi za Matafale, yemwe anamwalira mu 2001, ndipo anyamata a ku Chileka anapitiriza kuwerenga kuyambira pa Kuimba 3. Tinawalekanitsa, apo ayi gulu likanagawanika. A ku Nkhamenya anaikiratu Zani Muwone ya Wambali Mkandawire tisanayambe n'kuvota komwe, ndipo palibe anatsutsa. Mwapindulanji ya Billy Kaunda, Dzanja Lalemba ya Mlaka Maliro, Nabola Moyo ya Skeffa Chimoto ndi Zatukusira ya Thomas Chibade zinadutsa mosavuta. Amayi a m'gululi anaumirira Grace Chinga ndi Ethel Kamwendo Banda, ndipo anachita bwino, chifukwa abambofe tinali titadzaza reggae ya ku Balaka ndi ku Chileka yokhayokha.

Povota gwiritsani ntchito poll ya pa WhatsApp pomwepo. Imalandira zosankha 12 basi, ndiye gawani m'magulu: zauzimu pazokha, reggae payokha, zachikale pazokha. Zimitsani kabatani kololeza munthu kusankha zingapo nthawi imodzi, chifukwa pali anthu ena amangodina zonse kuti asakhumudwitse mnzawo. Nenaninso tsiku ndi ola lotsekera. Zachikalezo zinatisokoneza pang'ono. Akuluakulu ngati Allan Namoko, Daniel Kachamba ndi Robert Fumulani tinawadziwira pa wailesi ya MBC, ndipo zomwe anthu ali nazo ndi nyimbo zotolera uku ndi uku, osati chimbale choti ungachitchule dzina. Tinawapatsa foda yapadera kunja kwa zimbale 28 zija.

Tsopano kusonkhanitsa. Uzani anthu atumize nyimbo ngati Document. Akatumiza mwa njira inayo imafika ndi dzina loyamba ndi AUD lotsatana ndi manambala, ndipo mukhala usiku wonse mukutsegula imodziimodzi kuti mudziwe kuti ndi iti. Kanani zojambula ndi foni pafupi ndi wailesi: zimabwera ngati fayilo ya opus yomwe masipika ambiri otchipa sawerenga, kuphatikiza tambala akulira kumbuyo. Za m4a nazonso zisinthireni ku MP3. Amene ali ndi CD yeniyeni abwere nayo muitulutse nokha pa laputopu pa 192 kbps (kbps ndi muyezo wa ubwino wa mawu mu fayilo ya nyimbo). Kaseti imafuna kuleza mtima: chingwe chochokera pobayira mahedifoni pa wailesi kupita ku laputopu, pulogalamu yaulere ya Audacity, voliyumu ya wailesi pansipansi kuti mawu asasweke. Kaseti ya C60 ndi mphindi 30 mbali iliyonse ndipo palibe chidule, muidikira ithe, kenako n'kudula nyimbo imodziimodzi. Ngati lamba wa m'wailesiyo anatha mphamvu, woimba amamveka ngati akuodzera. Pezani wailesi ina, musalimbane nazo pa kompyuta.

Masamu ake ndi awa, ndipo muwasunge chifukwa ndi amene wogulitsa safuna kuti muwadziwe. Pa 192 kbps mphindi imodzi imadya pafupifupi 1.4 MB. Chimbale cha mphindi 50 ndi 70 MB. Zimbale 28 zikungokwana pafupifupi 2 GB. Fulashi ya 8 GB, yomwe pa kompyuta imaonetsa cha m'ma 7.4 GB, ikukwanira mpaka malo kutsala.

Zimbale zingapo zinasowa pagulu, ndipo kukopera mafulashi 14 pa laputopu imodzi yokalamba inaoneka ntchito yaikulu, ndiye gulu linagwirizana zopereka ntchitoyo pa malo ena obenera nyimbo pa boma pano. Sinditchula dzina. Msungichuma wathu anatolera ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo apa kumbutsani anthu kuti aziwonjezera yotapira, chifukwa aliyense akatumiza ndendende ndalama imaperewera pa ejenti. Mnyamata wa pamalopo pakamwa m'pokoma. Anati za 8 GB ndi zachikale, ali ndi za 64 GB pa mtengo wosasiyana kwenikweni, atiikiramonso banyira. Mtengo tinapangana wa pa fulashi iliyonse, pakamwa pokha. Anati tibwere m'mawa mwake.

M'mawa mwakemo magetsi kulibe. Chabwino, si mlandu wake. Koma anati tikafuna kuti ntchito iyende tigule mafuta a jenereta, jenereta yomweyo ikutchajanso mafoni a anthu ena omwe akulipira paokha. Tinagula. Tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa, wa ku Santhe atasiya ntchito yake n'kulipira minibasi, mnyamata uja akulowetsera ena mafilimu omasulira m'Chichewa, ife akungotiuza kuti “pang'ono akulu, ikumalizitsa.” Dzuwa litapendeka ndi pamene mtengo unasintha. Akuti zimbale zomwe iye anatipezera ndi zosowa, choncho zimenezo awerengera pa nyimbo iliyonse. Ndinamufunsa kuti, “Achimwene, zimenezi bwanji simunanene dzulo?” Yankho lake linali loti aliyense amadziwa. Aliyense ndani? Chindapusa chimenecho ndi chomwe chikundiwawabe mpaka lero, kuposa mafuta aja, chifukwa zimbale ankatilipitsazo zinali zotsitsa pa intaneti, za 64 kbps, mawu ngati akuchokera m'chitini, ndipo pakati pa nyimbo munthu akufuula dzina la webusaiti. Anazikweza kufika pa 320 kbps kuti zioneke zazikulu. Kukweza nambala sikubweza mawu omwe anatayika kale, kumangodya malo.

Anationetsa pa kompyuta yake mafoda onse ali m'malo, mayina onse akuoneka, n'kuimbitsa nyimbo yoyamba. Ndalama inaperekedwa chifukwa anthu ankathamangira minibasi zomaliza. Usiku womwewo gulu linayamba kulira. Pa wailesi ya galimoto fulashi siikuwerengedwa n'komwe. Pa sipika ina ikuimba banyira uja yekha, nyimbo zomwe palibe anazipempha, koma ikafika pa zimbale zathu imangodumpha kapena kukhala chete.

Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, fulashi kapena memori khadi yoposa 32 GB nthawi zambiri imabwera itafomatidwa mwa exFAT, pamene mawailesi ambiri a galimoto ndi masipika a pa msika amawerenga FAT32 yokha. Chachiwiri ndi chimene chili chakuba chenicheni. Mafulashiwo sanali a 64 GB ayi. Mkati muli malo ochepa, koma anawakonza kuti azinamiza kompyuta. Mayina a mafayilo amasungidwa koyambirira, n'chifukwa chake onse amaoneka, koma nyimbo zolowa malo enieni atadzaza sizisungika paliponse. Banyira ndi amene analowa poyamba, mavidiyo ndi zina zotero, n'kudya malo onse enieniwo. Zili ngati belo la fodya loyala masamba abwino pamwamba mkati muli zinyalala, ndipo ife a ku Kasungu tikudziwa zomwe zimachitika belo lotere likatsegulidwa pa msika wa fodya ku Chinkhoma. Kusiyana kwake n'kwakuti apa palibe anatibwezera kanthu. Titabwerera, mnyamata uja anangoti, “Madala, pa kompyuta panga munaona nokha zikuoneka,” n'kuloza kachikwangwani koti katundu wogulidwa sabwezedwa.

Ndiye ndikubwereza. Tengani sipika yanu yomwe muzikaimbitsira, pitani nayo, bayani fulashiyo pamaso pake, pitani ku foda yomaliza, imbitsani nyimbo ziwiri kapena zitatu mpaka pakati. Mtengo ulembedwe, ngakhale pa meseji ya pa foni, ndipo unene kuti ndi wa fulashi yonse. Banyira mukane.

Tinamaliza tokha, pa laputopu yokalamba yomweyo. Tinagula za 8 GB zomata m'paketi ku sitolo yopereka lisiti, ndipo iliyonse tinaiyesa ndi H2testw. Kapulogalamu kameneka n'kaulere: kamadzaza fulashi yonse kenako n'kuwerenganso, ndipo kamakuuzani malo enieni ndi angati. Kamatenga nthawi, kasiyeni kagwire ntchito inu mukudya nsima. Yesani fulashi ikadali yopanda kanthu. Mukatero fomatani mwa FAT32.

Ndaiwala za vayirasi. Fulashi iliyonse yochokera pa malo obenera muitenge ngati yodwala. Mukaona mafoda asanduka timashotikati tokhala ndi kamuvi pakona, musatidine. Mafoda enieni alipo, angobisidwa. Pa Windows tsegulani cmd, lembani chilembo cha fulashiyo monga E: kenako attrib -h -r -s /s /d ndipo abwerera. Timashotikatito fufutani, laputopu muisese ndi antivayirasi musanabayemo mafulashi atsopano, apo ayi mugawira anthu 14 matenda.

Mayina: foda iliyonse iyambe ndi nambala, 01, 02, mpaka 28, kenako woimba ndi chimbale. Nyimbo za mkati chimodzimodzi. Musalembe 1, 2, 3 opanda ziro, chifukwa zida zina zimaika 10 patsogolo pa 2. Komanso masipika ambiri otchipa sayang'ana mayina n'komwe, amatsata ndondomeko yomwe mafayilo analowera. Choncho musakoke mafoda onse nthawi imodzi. Koperani imodzi, ithe, kenako inzake. N'zotopetsa, koma chimbale chomwe woimba anachisanja yekha chiyenera kumveka momwe anachisanjira, ndi chifukwa chake tinakana zotolatola poyamba paja. Pulogalamu ya Mp3tag imakonza dzina lomwe limaoneka pa sikirini ya wailesi, kuti pasamatuluke dzina la webusaiti m'malo mwa woimba.

Voliyumu nayo. Chimbale chochokera pa kaseti chimamveka pansi, cha masiku ano chimaboola makutu, ndipo pamacheza munthu amangokhalira kudzuka kukapotokola kabatani. Pulogalamu ya MP3Gain imalinganiza zimenezi, ndipo imayambira pa 89 dB, musiye pomwepo. Sankhani Album Gain osati Track Gain, kuti nyimbo yomwe inapangidwa kuti ikhale yofatsa mkati mwa chimbale ikhalebe yofatsa. Pomaliza chotsani fulashi mwa Eject, musangoizula, makamaka ikangomaliza kukopera, chifukwa foda yomaliza ndi imene imaonongeka.

Pa nkhani ya eni nyimbo, gulu linagwirizana kuti chimbale chomwe chikugulitsidwabe tigule chenicheni, pa shoo kapena kwa woimba mwini, ndipo fulashiyi ndi yomvera kunyumba ndi pamacheza athu, si yogulitsa. Amene ali ndi bala, lesitilanti kapena malo ena a bizinesi adziwe kuti kuimbitsa nyimbo pagulu kumafuna chiphaso cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo lamulo la zaumwinizi lomwe likugwira ntchito pano ndi la 2016. Wobena nyimbo nayenso mufunseni za chiphaso chake musanamupatse ntchito. Amene amazemba funso limeneli ndi yemweyo amene adzakusinthireni mtengo madzulo.

Nyimbo zonse zokonzedwa bwino zikusungidwa malo awiri, pa laputopu ndi pa fulashi ina yomwe siibayidwa pa sipika iliyonse. Ulendo wotsatira tikuwonjezera zimbale 14, chimodzi pa munthu, ndipo lamulo latsopano n'lakuti wotchula chimbale abwere nacho yekha, chathunthu, cha 128 kbps kapena kuposa, chopanda mawu a DJ. Akalephera pofika tsiku lotsekera, malo ake atenga chimbale chomwe chinatsatira pa mavoti. Okonda kalindula wa ku Zambia ayamba kale kukopa anthu mseri.