Mdima umene namondwe amatisiyira kuno kuchigwa cha Shire

Anthu akamakamba za namondwe Ana, amene anatigwera mu Januwale 2022, amakumbukira nyumba zimene zinagwa ndi minda imene inakokoloka, koma ife a ku Chikwawa ndi ku Nsanje timakumbukiranso mdima umene unatsala madzi ataphwera. Madzi a mtsinje wa Shire anagumula mbali ina ya damu la Kapichira, kufupi ndi nkhalango ya Majete, ndipo makina a EGENCO, kampani yopanga magetsi, amene amatulutsa mamegawati pafupifupi 130, anaima. Dziko lonse linalowa m'mavuto a kuthimathima kwa magetsi, ndipo panadutsa nthawi yoposa chaka kuti makinawo ayambenso kuzungulira mu 2023, chaka chomwenso namondwe Freddy anatipeza mabala asanapole.

Kwathu ku Ngabu ndinadzionera ndekha mapolo atapendekeka m'matope, mawaya atagona m'mizere ya mapira, makolo akukalipira ana kuti asayandikire. Amayi anga anayenda mtunda wautali thumba la chimanga lili pamutu, kufunafuna chigayo cha dizilo, ndipo atachipeza anaima pamzere mpaka dzuwa linapendeka. Amene amadziwa kutentha kwa kuno angamvetse kuti furiji ikazima tsiku limodzi lokha, wogulitsa nsomba amataya mpamba wake wonse.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri n'chakuti sitingaloze chala mvula yokha. Mapiri a kumtunda, kumene kumachokera mitsinje yothira mu Shire, ametedwa mpala chifukwa cha makala ndi nkhuni, moti mvula ikagwa palibe choigwira. Madzi amatsika mwaukali atanyamula mchenga, zitsa ndi zinyalala, zimene zimadzaza madamu ndi kutseka polowera madzi m'malo opangira magetsi a ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Ndiye magetsi akazima, mabanja a m'tauni amabwerera kumbaula, makala amakwera mtengo, ndipo nkhwangwa zimalowanso m'phiri lomwe lija. Ine ndimaona kuti kudzutsa mapolo popanda kubwezeretsa mitengo kumtundako n'kumanga nyumba pamchenga wa mumtsinje.

Masiku ano mitambo ikayamba kuda chakum'mawa, kumbali ya Mozambique, amayi sadikiranso uthenga wa pawailesi. Amatituma kuchigayo magetsi akadalipo, amatiuza kuti titchaje mafoni ndi tochi, kenaka amakweza thumba la ufa pamwamba pa tebulo.