Ulendo wokayezetsa madzi ndi tomato wanga: masiku awiri anapita pachabe

Pepala la zotsatira lili m'manja tsopano ndipo mtima wakhala pansi, koma masabata apitawa ndaona zakuda. Ndikulemba kuti mlimi mnzanga zikadzamugwera asadzataye masiku ngati ine.

Zinayamba ndi foni ya munthu amene amandigula tomato wambiri. Akuti banja lina linatsegula m'mimba ndi kutentha thupi litadya tomato wosaphika, ndipo mwana wawo atamuyeza kuchipatala anamupeza ndi Salmonella, tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba. Wogulayo anandiuza mosapsatira kuti satenganso katundu wanga mpaka nditabweretsa pepala la ku labotale. Ndinapsa mtima. Tomato wanga anali wosalala, wofiira bwino, wopanda banga. Komanso matendawa amayamba pakadutsa maola 6 mpaka masiku 6 munthu atadya, ndiye adziwa bwanji kuti si mazira kapena nkhuku? Ku United States mu 2008 anthu oposa 1,400 anadwala Salmonella, mlandu nkugwera tomato, alimi nkutaya zokolola zawo, kenako kunadzapezeka kuti tizilomboto tinali mu tsabola wochokera ku Mexico. Ndinapita kokayezetsa ndili wotsimikiza kuti ndikukatsuka dzina langa.

Tsiku loyamba ndinatunga madzi a padamu m'botolo la chakumwa lomwe ndinalitsuka ndi sopo. Mayi wa pawindo anangoliyang'ana nkuti, "Bambo, ili sitilandira, tengani lathu." Pamenepo sindikudandaula, chifukwa botolo lawo ndi lophedwa tizilombo ndipo limabwera lomata. Ndinalipira, ndinatenga mabotolo, ndinabwerera. Chomwe chikundiwawa mpaka lero nchakuti sanandiuze china chilichonse. Palibe pepala pakhoma, palibe mawu.

Ulendo wachiwiri ndinatunga madzi m'mamawa, ndinayamba ndagwirako ntchito zina, nkufika kumeneko dzuwa litapendeka, mabotolo ali m'chikwama atafunda. Linali Lachisanu. Ndinakhala pabenchi maola awiri, ndiye atandiitana nkumandiuza kuti madzi amayenera kubwera ali ozizira, m'bokosi la ayezi, pasanathe maola 6 chitungireni, komanso kuti Lachisanu masana salandira kanthu poti kumapeto kwa sabata kulibe wowerenga zotsatira. Mabotolo aja anali atagwira kale ntchito, ndiye ndinalipiranso ena. Kulipira kawiri chifukwa cha mawu amene akanatha kundiuza tsiku loyamba! Apo nkuti tomato akupsa m'munda, wogula kulibe. Inu anzanga, musanatunge dontho lililonse imbani foni, mufunse za botolo, za ayezi, za tsiku ndi nthawi yomwe amalandira. Funsani zonse nthawi imodzi, musadikire kuti akuuzeni okha.

Lolemba ndinalawirira. Botolo limodzi la padamu, lina la m'beseni lomwe timatsukiramo zokolola. Tomato ndinathyola m'malo osiyanasiyana a munda nditavala magolovesi, osamutsuka, aliyense m'pepala lake lapulasitiki latsopano. Musagwire mkati mwa chivindikiro cha botolo, apo ayi akayeza dzanja lanu m'malo mwa madzi. Zotsatira za tizilombo ta E. coli zinatuluka patatha masiku awiri. Imeneyi amayeza pofuna kudziwa ngati m'madzi mwalowa ndowe kapena chimbudzi. Za Salmonella zinatenga pafupifupi sabata, chifukwa amayamba akulitsa kaye tizilomboto kuti atsimikize.

Zotsatira zinandidula mawu. Madzi a padamu anali odzaza ndi E. coli, ndipo Salmonella anapezeka m'madzi a m'beseni komanso mu tomato wina. Mwana uja anadwala, ine ndili kalikiliki kukana. Usiku umenewo sindinagone.

Ndaiwala kunena kuti pa ofesi yonseyo panali mnyamata mmodzi woyeza amene anandikhazika pansi nkundifotokozera, ndipo ndimamuthokoza. Anandifunsa kuti ndimathyola nthawi yanji. Ndinati masana, kenako timamuviika m'madzi ozizira kuti asafote. Anapukusa mutu. Tomato wotentha ukamuponya m'madzi ozizira, mpweya wa mkati mwake umakhwinyata, ndiye amayamwa madziwo kudzera pamchombo, pomwe panali phesi, komanso m'ming'alu. Tizilombo tikalowa mkati, ngakhale mutsuke kakhumi sitichoka. Madzi otsukira azikhala ofunda kuposa tomatoyo ndi madigiri 5 kapena kupitirira pang'ono, akhale ndi klorini, ndipo azisinthidwa akangoyamba kuda. Beseni limodzi la madzi akuda limagawira tizilombo ta tomato mmodzi ku dengu lonse. Ndipo Salmonella sasintha mtundu, fungo kapena kakomedwe ka tomato, choncho diso silithandiza.

Gwero silinavute kupeza. Nkhuku ndi abakha ankamwa padamu pomwepo, mvula nkumakokololera zitosi m'madzi amene ndinkathirira pamwamba pa masamba ndi maluwa. Ndinathiranso manyowa a nkhuku osawolerana mbewu zili kale ndi maluwa. Manyowa aawisi amafuna masiku 120 musanakolole ngati zipatso zikukhudza dothi, kapena masiku 90 ngati sizikhudza. Mukafuna kufulumira, awoletseni pamulu mpaka atenthe kufika madigiri 55 kwa masiku osachepera 15, mukutembenuza.

Tomato yense wakupsa ndinamukwirira. Zinandipweteka, koma sindikanatha kumugulitsa ndikudziwa kuti ena akadyetsa ana aang'ono, okalamba kapena amayi oyembekezera, omwe matendawa amawagwetsa msanga. Damu ndinalitchingira ndi mpanda, mbewu ndinazimangirira kumitengo kuti zisagone pansi, ndipo pano timathirira patsinde basi. Wong'aluka ndi wogwa pansi salowa m'dengu. Othyola onse amasamba m'manja ndi sopo asanayambe, makamaka akachokera kuchimbudzi kapena kukhola. Kunyumba nako tasintha: tomato wodula sakhala pamtunda kupitirira maola awiri, amalowa mufiriji, ndipo tikakayika timaphika mpaka awire, poti kutentha kwa madigiri 75 kumapha tizilomboti.

Kuyezetsa kwachiwiri kunayenda bwino chifukwa ndinali nditadziwa njira. Ndinaimba foni Lachinayi, ndinakatenga mabotolo awo, Lolemba 8 koloko ndinali pawindo ndi bokosi la ayezi. Bambo wina ndinamupeza pabenchi paja atafumbata botolo la chakumwa, ndinamukokera pambali nkumuuza zonse asanalipire. Imbani foni kaye, ndikubwerezanso. Zotsatira zatuluka zoyera ndipo wogula uja akubwera mawa kudzatenga madengu oyamba. Madzi a padamu ndidzayezetsanso mvula ikangoyamba.