Musanasamukire ku Portugal kuchokera ku Britain, kaoneni dzikolo mu Januwale

Ndege yonyamuka ku London imatera ku Faro maola atatu asanakwane, ndipo wotchi simuisintha chifukwa nthawi ya maiko awiriwa ndi imodzi. Mukatuluka pabwalo la ndege dzuwa limakulandirani ngakhale m'nyengo yozizira, mitengo ya malalanje ili m'mbali mwa misewu, ndipo pamsika wa ku Olhão mupeza karapao yemwe uja timamudziwa kuchokera ku Mozambique, koma wongovuulidwa kumene m'nyanja. M'pake kuti abale athu amene agwira ntchito zaka zambiri ku Leicester, Manchester kapena Nottingham akayandikira penshoni amayamba kuganiza za Algarve, dera la kumwera kwa Portugal kumene kuli Faro ndi Olhão. Dzikolo ndi labwino ndithu, koma kutentha ndi kutchipa kumene anthu amatamanda kuli ndi malire ake, ndipo malirewo saoneka kwa munthu wopita kutchuthi cha sabata ziwiri mu Ogasiti.

Chinthu choyamba chodabwitsa ndi kuzizira kwa m'nyumba. Mu Januwale ku Faro masana kumafika madigiri 16, usiku n'kutsika mpaka 8 kapena kuchepera apo. Manambalawa saopsa kwa munthu wozolowera chisanu cha ku England. Vuto ndi loti nyumba zambiri kumeneko zinamangidwa kuti zithawe dzuwa: pansi ndi matailosi, makoma ndi a njerwa zosatchinjirizidwa, mawindo akale ndi a galasi limodzi, ndipo mapaipi otenthetsa nyumba yonse aja mulibe. Ndiye masana mumatuluka panja kukaothera dzuwa ngati ku Dedza mu Juni, madzulo n'kukhala pabalaza mutavala jekete. Kuzizirako kumabwera ndi chinyezi. Mpweya wa pophika, wa posamba ndi wa zovala zoyanika m'nyumba umakakhala madzi pakhoma lozizira, ndipo pakangotha milungu ingapo kuseri kwa wadiropu kumada ndi nkhungu, nsapato ndi malamba achikopa n'kuyamba fungo. Kwa wodwala mphumu kapena nyamakazi iyi si nkhani yaing'ono.

Choncho poyendera nyumba kokani mipando muone kuseri kwake, yang'anani m'makona a denga, ndipo mukaona khoma limodzi lokha lopakidwa penti watsopano funsani chifukwa chake. Sankhani nyumba yomwe mawindo ake aakulu ayang'ana kumwera, poti kumeneko dzuwa limadutsa chakumwera, mosiyana ndi kwathu kumene m'nyengo yozizira limapendekera kumpoto. Gulani makina oyamwa chinyezi sabata yoyamba, tsegulani mawindo mphindi khumi m'mawa uliwonse, ndipo mipando muisiyire mpata wa chikhatho kuchokera kukhoma.

Magetsi nawo ali ndi kamsampha kake. Nyumba iliyonse imakhala ndi mlingo wa mphamvu umene munagwirizana ndi kampani, amautcha potência contratada. M'mafulati ambiri mlingowu ndi 3.45 kVA, ndiye mukayatsa hita, ketulo ndi uvuni nthawi imodzi, magetsi amathima nyumba yonse. Si kuti waya wapsa, mwangopyola mlingo. Mukhoza kupempha kuti akweze kufika pa 6.9 kVA, koma ndalama yokhazikika ya mwezi ndi mwezi imakweranso. Madzi osamba m'nyumba zambiri amatenthedwa ndi gasi wa m'silinda, ndipo silinda imakonda kutha munthu ali ndi sopo kumutu, choncho khalani ndi ziwiri.

Amene amathawira m'katikati mwa dziko pofuna nyumba zotchipa adziwe kuti nyengo ya kumeneko ndi yolusa mbali zonse. Ku Beja ndi madera ena a Alentejo chilimwe chimapyola madigiri 40, pamene ku Guarda, pafupi ndi mapiri a Serra da Estrela, kumagwa chipale. Kumidzi kulinso moto wa m'nkhalango. Wa ku Pedrógão Grande mu Juni 2017 unapha anthu oposa 60, ambiri ali m'magalimoto pothawa. Lamulo limafuna kuti tchire lilambulidwe mamita 50 kuzungulira nyumba ya kumudzi, ndipo nyumba yozunguliridwa ndi bulugamu ndi paini muiope ngakhale mtengo wake utakoma bwanji.

Kutchipa kulipo, koma kuli pambale. Khofi, buledi, nsomba, zipatso ndi chakudya chamasana cha m'malesitilanti aang'ono ndi zotsika mtengo kuposa ku Britain, sitima ndi mabasi chimodzimodzi. Mafuta a galimoto, magetsi, galimoto zakale ndi zipangizo zamagetsi sizitchipa, poti msonkho wa IVA pa katundu wambiri ndi 23 peresenti. Chodya ndalama kwambiri ndi lendi. Ku Lisbon, Porto ndi m'mbali mwa nyanja ku Algarve lendi inakwera mpaka eni dziko akudandaula, anthu amene malipiro awo otsikitsitsa mu 2025 anali mayuro 870 pamwezi. Kumbukirani nambala imeneyi musanauze woyandikana naye nyumba kuti zinthu kuno n'zotchipa, chifukwa kwa iye si choncho.

Pa lendi pali chizolowezi chimene chimagwetsa alendo ambiri. Mudzaona fulati yokongola ya mtengo wabwino ku Tavira kapena ku Albufeira, koma mgwirizano wake ndi wa Okutobala mpaka Meyi basi. Juni akafika mwini nyumba amafuna alendo a tchuthi amene amalipira pa sabata ndalama yomwe inu mumalipira pamwezi, ndipo mumapezeka mukusaka nyumba nthawi imene nyumba zasowa. Funani mgwirizano wa chaka chathunthu, wolembedwa, komanso wolembetsedwa ku Finanças, ofesi ya msonkho. Mwini nyumba akanena kuti tingomvana pakamwa kuti mtengo utsike, kanani, chifukwa popanda pepala limenelo mudzavutika kutsimikizira maofesi kuti mumakhala pamenepo. Ambiri amafunanso fiador, munthu wa m'dzikomo wokuimirirani mukalephera kulipira, ndipo mlendo amene alibe munthu wotero amapemphedwa ndalama zambiri zoyambira.

Za mapepala, chiyambire pamene Britain inatuluka mu EU, wa pasipoti ya Britain amaloledwa masiku 90 okha pa masiku 180 aliwonse. Wofuna kukhazikika ndi penshoni amafunsira viza ya D7 akadali ku Britain. Ndondomeko yake imayamba ndi NIF, nambala ya msonkho, chifukwa popanda iyo simutsegula akaunti ku banki kapena kusaina lendi. Kenako akaunti, nyumba, inshuwalansi ya zaumoyo, chikalata cha apolisi chosonyeza kuti mulibe milandu, ndi umboni woti mwezi uliwonse mumalandira ndalama zosachepera malipiro otsikitsitsa aja, kuonjezapo theka lake ngati muli ndi mkazi kapena mwamuna, ndi 30 peresenti pa mwana aliyense. Chikalata cha apolisi chimatha mphamvu pakapita miyezi yochepa, ndiye musachitenge koyambirira ayi, chidzafa mukudikira zinazo. Vizayo ndi ya miyezi inayi, yongokulowetsani kuti mukaonekere ku AIMA, bungwe loona za alendo okhala m'dzikomo limene linalowa m'malo mwa lakale lotchedwa SEF mu Okutobala 2023. Khadi yoyamba yokulolani kukhala m'dzikomo ndi ya zaka ziwiri, yachiwiri zaka zitatu. Mu 2024 AIMA inali ndi mafayilo pafupifupi 400,000 odikira, choncho musakonze ulendo wa kumudzi m'miyezi yoyambirira, mungavutike pobwerera khadi isanatuluke.

Amene muli ndi pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Zimbabwe ndipo ku Britain mumakhala ndi chilolezo chokhazikika cha ILR, imani kaye apa. Chilolezo chimenechi chimafa mukakhala kunja kwa Britain zaka ziwiri zotsatizana. Ngati ana ndi zidzukulu ali kumeneko, tengani kaye unzika wa Britain musananyamuke. Ngakhale ulendo wokaona malo, inu mufunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Portugal.

Pali chifukwa chimodzi chachikulu chimene Portugal imapambanira kubwerera kumudzi pa nkhani ya ndalama. Penshoni ya boma la Britain imakwera chaka ndi chaka kwa wokhala m'maiko a EU, pamene kwa wokhala ku Malawi, Zambia, Zimbabwe kapena South Africa imaima pa mlingo umene munachoka nawo mpaka imfa. Wolandira penshoniyi akhozanso kutenga fomu ya S1, imene imachititsa kuti Britain izilipira chithandizo chake m'zipatala za boma za Portugal. Mukalembetsa pachipatala chaching'ono cha m'dera lanu amakupatsani número de utente, nambala yanu yolandirira chithandizo, koma madera ena madokotala ndi ochepa ndipo kudikira n'kwakutali, n'chifukwa chake ambiri amasunganso inshuwalansi. Koma Pension Credit, ndalama yoonjezera ya okalamba opeza zochepa, siwoloka nyanja. Ndipo poti mumalandira mapaundi n'kumagula ndi mayuro, werengerani bajeti yanu pa mtengo woipa: mu 2015 paundi inkagula pafupifupi mayuro 1.40, voti ya 2016 yoti Britain ituluke mu EU itadutsa inagwa kufika cha m'ma 1.15, lendi osatsika.

Mukakhala masiku oposa 183 pachaka, msonkho wanu ndi wa ku Portugal, ndipo pakati pa Epulo ndi Juni mumaulula ndalama zonse zimene mumapeza kulikonse, kuphatikizapo lendi ya nyumba ya ku Lilongwe. Phindu la akaunti yosungira ndalama ya ISA, limene ku Britain silidulidwa msonkho, ku Portugal limadulidwa. Ndondomeko ya NHR yochepetsera alendo msonkho, imene anzanu akale amasimba, inatsekedwa kwa obwera kumene mu 2024.

Chilankhulo musachipeputse. M'malesitilanti a ku Algarve Chingelezi chimayenda, koma ku Finanças, kuchipatala ndi kwa wokonza mapaipi ndi Chipwitikizi. Abale a ku Angónia ndi Tete pano ali patsogolo, ngakhale nawonso amayamba avutika chifukwa Apwitikizi amameza mawu polankhula. Ufa wa nsima umapezeka m'mashopu a anthu a ku Angola ndi Mozambique, funsani fuba, makamaka ku Amadora ndi ku Martim Moniz mu Lisbon, ndipo masamba a couve amalowa bwino m'malo mwa repu. Koma Amalawi kumeneko ndi ochepa, mpingo wa chilankhulo chathu ndi magulu othandizana pa maliro aja a ku Britain mudzawasowa. Apwitikizi amaika maliro msanga, nthawi zambiri pasanathe masiku awiri kapena atatu. Ngati khumbo lanu ndi kukagona kumudzi, lembani zimenezo, uzani ana, ndipo funsani kampani ya inshuwalansi ya maliro ngati idzanyamule thupi kuchokera ku Portugal, chifukwa mapangano ena a inshuwalansi amagwira ntchito kwa womwalirira ku Britain yekha.