Mizere ya pafoni ya mphwanga

Loweruka usiku, tulo takana. Ndadya, ndasamba, koma mawu a mwana wa achemwali anga akungobwerabwera m'mutu. "Amalume, inu mpira mumangouonera, simuuwerenga." Ananena akuseka, ndipo sindikukhulupirira kuti amafuna kundinyoza, komabe zandibaya.

Magetsi anazima chigawo choyamba chitangotha, tili m'kashedi koonetsera mpira kuseri kwa msika. Mwini wake anapita kukasaka mafuta a jenereta, ife n'kutsala tikupsa ndi malata, ndiye mkangano unabuka monga mwa masiku onse. Ine ndinati timu yathu ikusewera bwino, mpira uli kumiyendo kwathu, anzathuwo akungowefuka. Apo m'pamene mnyamata uja anatulutsa foni.

Anandionetsa bwalo lojambulidwa, lokhala ndi madontho 11. Akuti dontho lililonse ndi wosewera, ndipo limaikidwa cha pamene iyeyo wakhala akukhudzira mpira kawirikawiri. Pakati pa madonthowo pali mizere. Mzere ukanenepa ndiye kuti awiriwo apatsirana kambirimbiri. Ndinayang'anitsitsa, magalasi ndinali nditaiwala kunyumba, koma zinkaoneka ndithu. Mizere yonenepa yonse inali kumbuyo, pakati pa otchinga awiri ndi goloboyi. Womwetsa zigoli wathu dontho lake lili lokhalokha kutsogolo ngati mwana wamasiye, kamzere kopita kwa iye kowonda ngati ulusi.

"Mpira tili nawo, eya. Koma tili nawo kuti, amalume?"

Sindinayankhe. Iye n'kupitiriza, chifukwa ana a masiku ano akaona kuti wakhala chete amayesa wawapatsa bwalo. Anandikumbutsa za Spain ndi Morocco ku Qatar, pa 6 Disembala 2022, tsiku limene ineyo ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Spain inakhala ndi mpira pafupifupi maperesenti 77, inapatsirana koposa 1,000 m'mphindi 120, koma mpira wolunjika pagolo unali umodzi wokha. Kenako mapenate, goloboyi wa Morocco Bounou n'kugwira awiri, Hakimi n'kumaliza ndi kaja kongotukula pang'ono, Morocco n'kupambana 3-0. Zonsezi ndikuzikumbuka. Chimene sindinaone tsikulo n'chimene iye anandifotokozera, chala chikuyenda pagalasi la foni: kuti kochi wa Morocco Regragui anawasiya dala otchinga a Spain Rodri ndi Laporte kuti azipatsirana kumbuyoko mmene angafunire, En-Nesyri n'kumangotseka njira yopita kwa wapakati wa Spain Busquets, Amrabat akusesa zotsala pakati. Ine ndinkati a Morocco apulumuka ndi mtima komanso mapemphero. Kodi sunali msampha? Anatinso mu 2018 ku Moscow zinali zomwezo, Spain kupatsirana koposa 1,000 n'kutulutsidwa ndi Russia pa mapenate.

Ndinapsa mtima, sindibisa. Osati chifukwa ananama ayi. Kungoti mwana ameneyu ndine ndinamugulira mpira wake woyamba, wapulasitiki, umene unaphulika pa minga tsiku lomwelo.

Ndiye ndinatulutsa chida changa. Ndinamufunsa za xG yakeyo, nambala imene amati imayeza ngati malo amene munthu wamenyera mpira amabala chigoli kawirikawiri kapena ayi. Ndinati, nanga Gabadinho Mhango pa masewero a Malawi ndi Morocco ku Yaoundé, pa 25 Januwale 2022? Mphindi ya 7 yokha, ali kutali mamita oposa 30, anaona Bounou yemweyo watuluka pang'ono n'kuumenya. Kompyuta yakoyo ikanakhalapo bwenzi itamuuza kuti usayerekeze, patsira mnzako. Shedi yonse inaphulika, wina mpaka kumenya benchi, bambo wina amene sindimudziwa n'kundigwira chanza. Ndinamva kukoma.

Mphwanga anadikira phokoso lizizire. Kenako motsitsa mawu, ngati akupepesa, "Nanga masewerowo anatha bwanji, amalume?"

Anatha 2-1. En-Nesyri anabweza tisanapite kokapuma, Hakimi n'kudzamwetsa cha firikiki, ndipo pakanapanda Charles Thomu pagolo bwenzi tikukamba zina. Iye anati xG sinena kuti mpira wotero sungalowe, imangonena kuti ukaumenya ka 100 ulowa kochepa kwambiri, ndipo timu singadalire zimenezo sabata ndi sabata. Ndinati chabwino, koma usiku umene uja dziko lonse linaimirira, nambala yake ya zimenezo ili pati? Anangomwetulira. Kumwetulira kwakeko n'kumene kukundisowetsa tulo.

Mwina vuto ndi ukalamba basi. Ine mpira ndinauphunzira pawailesi, nditakhala pambali pa malemu bambo anga, mabatire atayanikidwa padzuwa tsiku lonse. Tinkauona ndi makutu. Wolengeza akakweza mawu timadziwa kuti zafika pagolo, ndipo palibe ankafunsa kuti apatsirana kangati. Lero mwana akundiuza kuti ngakhale maso anga akundinamiza.

Nditafika kunyumba ndinawononga bandulo kufufuza kuti zowerengawerengazi anayambitsa ndani. Ndapeza Mngelezi wina, Charles Reep, wowerengera ndalama m'gulu la asilikali a ndege, amene mu 1950 anayamba kulemba m'kope kupatsirana kulikonse pa masewero a Swindon Town. Atawerenga zaka zambiri anapeza kuti zigoli zochuluka zimabwera mpira utapatsiridwa katatu kapena kucheperapo, ndiye anati tayani zokongoletsa, ponyani kutsogolo. Makochi ena ku England anamumvera. Patapita nthawi ena anaona pamene anaphonya: mu mpira, nthawi zambiri timu imalandidwa isanapatsirane kanayi n'komwe, ndiye n'zosadabwitsa kuti zigoli zambiri zimachokera kumeneko. Munthu anawerenga molondola, n'kumasulira mokhota. Ndasangalala ngati ndatola ndalama. Mawa ndikamuuza. Kungoti ndikudziwa kale chimene akayankhe, akati amene anagwira cholakwa cha Reep anachigwiranso ndi manambala.

Iii, ndaiwala. Jenereta inalira patadutsa mphindi 15 za chigawo chachiwiri, ndipo tinagonja 1-0, anzathuwo atangopatsirana kawiri kuchokera kwa goloboyi wawo. Chigolicho mphwanga sanachione, maso anali pafoni kudikira mizere yake isinthe. Anadzutsa mutu anthu akukuwa kale, n'kundifunsa kuti wamwetsa ndani. Ndinamuuza kuti afunse madontho.

Pali kope lakale la masamu la mwana wanga pawindopa, masamba akumapeto sanalembedwe. Mawa masana anyamata a m'dera lino akusewera pabwalo la sukulu, kumene kulibe kamera kapena Opta, kampani yowerengera manambala a mpira, fumbi lokhalokha. Ndikuganiza zopita nalo, ndikaone ngati ndingathe kulemba amene wapatsira mnzake kwa mphindi 10 zokha osasokonezeka. Koma akandiona anzanga aja ndili ndi bolopeni pamzere...